Ufa ukatha ku mkombaphala, ana nawonso amatha: titani?

Mayi wina wa m'komiti ya makolo pa sukulu ya mkombaphala ya kumudzi watilembera pa imelo. Akuti sukuluyo ili ndi ana 40, koma chaka chilichonse ikafika Januwale ufa umatha, ana amasiya kubwera, alezi nawonso amagwa mphwayi. Akufunsa kuti atani.

Mayi, phala la mu Januwale limakonzedwa mu Meyi, chimanga chikadali pabwalo. Mukadikira kuti mukapemphe nthawi ya njala, ngakhale kholo la mtima wabwino lidzangokupatsani pepani.

Yambani ndi masamu. Mwana mmodzi muwerengereni magalamu 50 a ufa patsiku. Ana 40 ndiye makilogalamu awiri patsiku, 10 pa sabata, ndipo thumba la makilogalamu 50 litha m'masabata asanu. Mukaphunzitsa masabata 40 pachaka mufunika matumba asanu ndi atatu. Pamuyezo wa Likuni Phala, magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya, mwana aliyense abweretse makilogalamu 8 a chimanga, pafupifupi theka la ndowa, ndi awiri a soya. Nenani nambala imeneyi pamsonkhano amfumu ali pomwepo, ndipo mulembe m'kaundula wopereka aliyense. Mawu akuti "aliyense apereke zomwe angathe" ndi amene amagwetsa masukulu ambiri. Banja losowa lisabwezedwe, lipereke nkhuni, madzi kapena tsiku lophika.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa soya. Musankheni, mumukazinge pamoto wochepa mpaka afiirire ndi kununkhira, ndiye mupite naye kuchigayo pamodzi ndi chimanga chosakonola. Soya wamuwisi amapatsa phala fungo loipa ndipo amavuta kugayika m'mimba mwa mwana. Musagayitse wambiri nthawi imodzi, wa masabata awiri ndi wokwanira, chifukwa mafuta a soya amachititsa ufa kuwawa ukakhalitsa. Chimanga chotsalacho chiume bwino, chilowe m'matumba osalowa mpweya otchedwa PICS, muwasanjike pathandala osati pansi, apo ayi anankafumbwe adzadya gawo la ana. Ngati muthira nsinjiro, tayani mtedza wonse wa chuku ndi wofota. Poizoni wake satha ndi moto.

Phalalo likhale lolimbirako, losayenderera msanga pa supuni. Lamadzimadzi limangodzaza mimba. Ndipo mpondagiya wokhala ndi sopo akhale pafupi ndi podyera.

Tikupempheninso chinthu china. Ngati makolo amangoona sukuluyo ngati malo omwera phala, ndiye kuti sanaonepo zomwe zimachitika mkatimo. Kamodzi pamwezi aitaneni, abambo omwe, adzakhale pamphasa. Aone mwana wa zaka zinayi akusanja zitsononkho, zazikulu uku zazing'ono uku, akuwerenga mpaka faifi, kapena akumalizitsa nthano yomwe mlezi wayamba. Auzeni kuti akachitenso zomwezo kunyumba posenda mbatata kapena popita kumjigo. Tsiku lomwelo itanani mlangizi wa zaumoyo adzaone makhadi a kusikelo, kuti amene anaphonya Vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba adziwike.

Alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndiye mvula ikagwa nawonso amafuna kumunda. Komiti igawe masiku okawapalirira, ndipo mukafunse ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma kwanu za maphunziro a alezi amene sanaphunzitsidwebe.