Mafunso Anu: Malamulo a Malo Olerera Ana

Funso: Ndikufuna kumasunga ana a anthu pakhomo panga masana, makolo awo ali kuntchito, iwo n'kumandilipira. Ndi ana ochepa chabe. Kodi pamenepa pakufunikanso laisensi? (Mayi wa ana awiri)

Yankho: Mayi, m'maiko ambiri lamulo limayamba kukukhudzani mukangoyamba kulandira ndalama posunga ana omwe si abale anu. Choncho pitani kaye ku ofesi ya boma yoona za ana musanalandire mwana woyamba. Kawirikawiri amabwera kudzaona nyumbayo, amafuna satifiketi yosonyeza kuti munaphunzira kupereka chithandizo choyamba pangozi, komanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti mulibe mbiri yozunza ana. Kalata imeneyi si ya inu nokha ayi. Wamkulu aliyense wogona m'nyumbamo, kaya ndi bambo a kunyumba kaya mlamu, amafufuzidwanso. Ena zimawapweteka, koma ife tikuona kuti n'zoyenera, chifukwa inu mukalowa m'bafa mphindi zisanu mwana amatsala ndi anthu amenewo.

Za chiwerengero, dziko lililonse lili ndi malire ake. Ku Australia wolera ana pakhomo sapitirira ana 7, ndipo mwa amenewa osayamba sukulu asaposere 4. Ana ake omwe, ngati sanakwane zaka 13 ndipo palibe wamkulu wina wowayang'anira, amawerengedwa momwemo. Inunso awerengereni awiri anuwo, popeza nawonso amalira, amagwa, amafuna kunyamulidwa.

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi 9 ndipo ndikubwerera kuntchito. Malo amene ndapeza laisensi yawo anaipachika pakhoma. Kodi zimenezi n'zokwanira? (Bambo wodera nkhawa)

Yankho: Bambo, iwerengeni laisensiyo bwinobwino: tsiku lothera, adiresi, ndi chiwerengero cha ana chomwe analoledwa. Mukatero tembenukani muwerenge mitu ya ana ndi ya akuluakulu m'chipindamo. Ku England mlezi mmodzi amaloledwa ana 3 osakwana zaka 2, ku Australia 4. Chifukwa chimodzi choikira malire otere n'chosavuta kumva: moto ukabuka, munthu mmodzi anganyamule makanda awiri basi. Wophika ndi wa mu ofesi musawawerengere, amene ali ndi anawo ndi okhawo ofunika. Ndipo pitaninso tsiku lina mosawadziwitsa, makamaka masana nthawi ya nkhomaliro kapena madzulo, pamene antchito ena amakhala atachoka.

Pamsinkhu wa mwana wanuyo, chomwe timadera nacho nkhawa kwambiri ndi kagonedwe. Khanda ligone chagada, lokha pakabedi kake, pamatiresi olimba okwana bwino osasiya mpata m'mbali. Pasakhale pilo, chidole kapena bulangete lokhuthala. Mwana wogonekedwa chafufumimba amatha kukwirira mphuno n'kumapumanso mpweya womwe watulutsa, ndipo samalira, amangoti zii. Ngoziyi imakula kwambiri pa khanda lozolowera kugona chagada kwawo likagonekedwa chafufumimba kwina. Mipata ya timitengo ta kabedi isapose masentimita 6, kuopa kuti thupi lingadutse mutu n'kutsakamira. Afunseni kuti amasuzumira ana ogona pakapita mphindi zingati, ndipo akuonetseni pomwe amalemba.

Kenako gwadani pansi muone chipindacho monga mmene mwana wokwawa amachionera. Ndowa ya madzi yosavundikira, ngakhale madziwo akhale ochepa, imamiza mwana wogweramo chamutu. Mankhwala ndi zotsukira zikhale zokhomeredwa. Posinthira matewera pakhale patali ndi pokonzera chakudya, pampopi pakhale sopo, apo ayi kutsegula m'mimba kumayenda chipinda chonse sabata imodzi. Funsaninso ngati ali ndi kaundula wa anthu ololedwa kudzatenga mwana.

Funso: Oyendera a boma anabwera pamalo athu olerera ana n'kutilembera zolakwika. Kodi atitsekera? (Mwini malo)

Yankho: Zimatengera kukula kwa cholakwacho. Zing'onozing'ono, monga mafomu osadzaza, amapereka masiku oti mukonze kenako amabweranso. Koma ana osiyidwa okha, kumenya mwana, khomo lothawira moto lokhomedwa, kapena kupitirira chiwerengero, zimenezi zingaimitse laisensi nthawi yomweyo. Yambani ndi zoika moyo pachiswe lero lomwe, jambulani zithunzi za zomwe mwakonza, ndipo muwayankhe m'kalata tsiku lomwe anakupatsani lisanakwane.