Magalamu, makapu ndi masupuni: tizilemba bwanji pa zokometsera chakudya?

Funso: Ndikulembera gulu lathu la amayi malangizo a kaphikidwe m'Chichewa. Buku lomwe ndikutengamo lili ndi magalamu okhaokha, pomwe ife sikelo tilibe. Kodi ndingolemba kuti magalamu 250 ndi kapu imodzi?

Ayi mayi, mukatero muwasokeretsa anzanu. Galamu imayeza kulemera, pomwe kapu imayeza malo amene chinthu chadzaza. Ndi pa madzi pamene ziwirizi zimakumana: kapu ya mamililita 250 imalowa madzi olemera magalamu 250. Kapu yomweyo mukathiramo uchi, mupeza magalamu pafupifupi 350; chiponde pafupifupi 260; mafuta ophikira 230; shuga 210. Choncho mawu oti "kapu imodzi" asamayende okha. Tchulani chomwe chili m'kapumo, ndipo koyambirira kwa malangizowo nenani kukula kwa kapu yanu, chifukwa ya m'mabuku a ku America ndi ya mamililita pafupifupi 240, ndipo makapu omwera tiyi m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana.

Zokometsera zambiri zimayezedwa ndi supuni. Yaing'ono, ya tiyi ija, ndi mamililita 5. Yaikulu ndi 15, ndiye kuti yaikulu imodzi ndi zazing'ono zitatu. Supuni yaing'ono ya mchere wosalala wa m'paketi imalemera magalamu pafupifupi 6, koma ya kale (curry) waufa ndi 2 basi. Mchere wamibulu umasiya mipata m'supuni, ndiye lembani kuti ausinje kaye asanayeze.

Mawu amene ndimawakana ndi oti "supuni yodzaza". Wina amva kuti ifike m'milomo, wina aunjika kamulu pamwamba, ndipo kamulu kameneko kangathe kuwirikiza muyezo. Pa soda wa m'therere cholakwa chotere chimamveka pakamwa: ndiwo zimawawa ngati mwagwera sopo. Lembani "supuni yosalaza pamwamba ndi mpeni" kapena "supuni ya kamulu". Nsinjiro nazo zimafuna mawu owonjezera, "osatsendera", poti mukazikanikiza m'kapu zimalowa zambiri ndipo ndiwo zotendera zimalimba ngati phala.

Funso: "Theka la kapu" ndi "kapu ndi theka" n'chimodzimodzi?

Si chimodzimodzi, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Theka la kapu ndi mamililita 125. Kapu ndi theka ndi 375, katatu kuchuluka kwake. Kakuti "la" kakusonyeza gawo la chinthu, kakuti "ndi" kakuphatikiza. "Hafu" ndi "kota" anthu anawazolowera pamsika, musawaope. "Kota ya kapu" imamveka msanga kuposa "gawo limodzi mwa magawo anayi a kapu".

Funso: Cholondola n'chiti, "garamu" kapena "galamu"? Nanga zikachuluka timati chiyani?

Lembani "galamu". M'kalembedwe ka Chichewa, r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu "mchere" ndi "nsinjiro", pomwe pambuyo pa a, o ndi u timalemba l. Zikachuluka timaika ma- kutsogolo ndipo mgwirizano umasintha: galamu imodzi, magalamu awiri, kapu imodzi, makapu atatu, supuni yaikulu, masupuni aakulu. Mchere wochepetsetsa, wosafika n'kota ya supuni, musauvutikire ndi manambala. Lembani "mchere wongotsina ndi zala".