Kukatentha kiliniki ya mano ikununkha, tiyambe ndi AC kapena?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amayendetsa kakiliniki ka mano ka mipando iwiri. Ndaidulako pang'ono koma funso lawo ndi ili: "Nyengo yotentha ikangofika kiliniki yathu imayamba kununkha olo tikolope kawiri pa tsiku, alginate (phala lotengera chikombole cha mano) amauma tisanamuike n'komwe mkamwa mwa munthu, ndipo pofika masana aliyense amakhala atafooka. Ndalama ndi zochepa, tigule kaye AC kapena pali china chofunika kuposa pamenepo?"

Achemwali, AC ndi yabwino, sindikukana ayi, koma ndikanakhala ine ndalama yoyamba ndikanaiponya pa madzi a mu mpando uja. Fungo mukulimva, thukuta mukuliona, koma chomwe chingadwalitse munthu kwenikweni chili mu timapaipi tating'onoting'ono tija tomwe timapititsa madzi ku handpiece (kachipangizo koboolera mano) ndi ku kasirinji kopopera madzi ndi mpweya, ndipo chimenechi sichinunkha komanso sichioneka. Timapaipi timeneti ndi topapatiza kwambiri, madzi amayenda pang'onopang'ono, usiku wonse ndi wikendi yonse amangokhala phee, ndiye mkati mwake mumamera kakhungu koterera ngati ndere komwe mabakiteriya amabisalamo n'kumaswana. Kukatentha amaswana mwachangu zedi. Bakiteriya wotchedwa Legionella mwachitsanzo amakonda madzi ofunda a pakati pa madigiri 25 ndi 45, ndiye taganizani botolo la madzi la pa mpando lomwe lagonera m'chipinda chotseka mawindo kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba nthawi ya dzuwa. Ndipo munthu sachita kumwa madziwo kuti adwale, handpiece ija imawasandutsa nkhungu, wodwala ndi inu nomwe mumapumira limodzi.

Izitu si zongoopsezana. Ku Italy mu 2011 mayi wina wa zaka 82 anamwalira ndi chibayo cha Legionella, ndipo atafufuza anapeza mtundu womwewo wa bakiteriya m'madzi a mpando wa kwa dotolo wa mano komwe anapita. Ku Anaheim, ku California, mu 2016 ana ambirimbiri anadwala matenda a bakiteriya wa Mycobacterium atathandizidwa mano pa kiliniki ina yomwe madzi ake anali oipa, ena mpaka kuchitidwa opaleshoni ya nsagwada. Bungwe loona zopewa matenda la CDC ku America mu malangizo ake a 2003 linanena kuti madzi a mu mpando asapitirire 500 CFU (muyeso wa kuchuluka kwa mabakiteriya amoyo) pa mililita imodzi, mulingo womwewo wa madzi akumwa, koma mpando wosasamalidwa umadutsa pamenepo kutalitali.

Ndiye chochita ndi chani? M'mawa musanayambe ntchito tsegulani madzi atuluke kwa maminitsi awiri pa paipi iliyonse, ndipo wodwala akachoka atulukenso kwa masekondi 20 mpaka 30 wina asanakhale. Koma musadzinamize kuti kutsegula madzi kokhako kwathetsa nkhani, kumangochotsa zomwe zikuyandama, zomatirira ku khoma la paipi zimatsala pompo. Zimenezo zimafuna mankhwala otsukira mapaipi omwe opanga mpando wanu amavomereza, ena amakhala mapiritsi oponya m'botolo tsiku lililonse, ena ndi amphamvu othira mwa apo ndi apo n'kuwasiya agone. Madzulo botolo lichotsedwe, madzi otsala atayidwe, litsukidwe ndipo ligone chozondoka kuti liume, osati kumangowonjezera madzi atsopano pamwamba pa adzulo. Kapaipi kolowa m'botolo kaja musamakagwire ndi magolovesi omwe mwagwirira mkamwa mwa munthu, ambiri amaiwala pamenepa. Pa ntchito yong'amba nkhama kapena yokhudza fupa madzi a mu mpando asagwire ntchito n'komwe, pamafunika saline (madzi a mchere a kuchipatala) kapena madzi a sterile, opanda kachilombo kalikonse. Ndipo ngati mumatseka kiliniki masiku angapo a holide, tsiku lotsegulira odwala oyamba muwaike mochedwerako kuti mapaipi atsukidwe kaye mokwanira.

Za fungo zija, mukukolopa malo olakwika. Nthawi zambiri limachokera ku suction (makina oyamwa malovu ndi magazi mkamwa), mu mapaipi ake ndi mu kasefa kaja komwe magazi, malovu ndi tizidutswa ta mano timakodwa, kuphatikizapo kabeseni kolavuliramo. Kasefa katsukidwe tsiku lililonse ndipo pomaliza ntchito suction iyamwe mankhwala ake otsukira. Koma chonde osathiramo bulichi, chifukwa klorini akakumana ndi zotsalira za amalgam (chitsulo chomatira mabowo a mano) amasungunula mercury wapoizoni wa mmenemo n'kupita naye ku madzi oipa, ku America lamulo la 2017 la bungwe loona zachilengedwe la EPA linaletseratu zimenezi. Kwina kochokera fungo ndi bini ya thonje la magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kumadera otentha, nyengo yotentha, zinyalala zotere zisakhale kupitirira maola 24 zisanachotsedwe, ndiye zoti tidikire thumba lidzaze kaye ziiwaleni.

Pali kanthu kena kamene kutentha kamatibera mosazindikira. Mankhwala opukutira mpando, nyale ndi tebulo ali ndi nthawi yake yomwe malowo ayenera kukhala onyowa kuti tizilombo tife, imalembedwa pa botolo. Kukatentha, makamaka fani ikuzungulira, sipiriti amauma mu masekondi ochepa, inu mukuona ngati mwapukuta koma ntchito sinagwirike. Pakauma nthawi isanakwane pukutaninso, basi. Klorini wosungunula naye amatha mphamvu ndi kutentha komanso kuwala, ndiye azisungunulidwa watsopano tsiku lililonse. Fani yeniyeniyo ndilibe nayo mtima kwenikweni m'chipinda chothandizira odwala, imanyamula nkhungu ya mkamwa ija n'kuimwaza pa thireyi ya zipangizo zoyera ndi pankhope ya wothandizira, ngati palibe kuchitira mwina iyikeni pa windo izikokera mpweya kunja. AC nayo, ya mtundu wa split ija, imangozunguliza mpweya womwewo wa m'chipindamo, siibweretsa watsopano, ndipo sefa yake ikada imakhala gwero lina la fungo.

Ku autoclave (makina ophikira zipangizo kuti tizilombo tife) malamulo sasintha ndi nyengo, madigiri 134 kwa maminitsi osachepera 3 kapena 121 kwa maminitsi osachepera 15, malinga ndi makina ndi katundu, kuphatikizapo spore test (kuyesa ngati makinawo akuphadi tizilombo) kamodzi pa sabata. Chomwe chimasintha ndi anthufe, chipinda chija chimatentha ngati chani kaya, aliyense amafuna athaneko nazo msanga, ndiye amapakira mapaketi mothithikana kapena kutsegula chitseko makina asanamalize kuumitsa. Paketi yotuluka yonyowa muiwerenge ngati yosaphikidwa, pepala lonyowa limalowetsa tizilombo, ibwerere. Kompuresa nayo imasonkhanitsa madzi ambiri mu thanki mpweya ukakhala wa chinyezi, muzitsegula kampopi ka pansi kaja tsiku ndi tsiku, apo ayi mpweya wonyowa ukafika pa dzino filling siigwira bwino ndipo handpiece imachita dzimbiri.

Alginate ndiye nkhani yosavuta. Kutentha kumafulumizitsa kuuma kwake, ndiye sakanizani ndi madzi ozizira a mu firiji, mbale ndi spatula zisakhale padzuwa. Musayese kuchedwetsa pothira madzi ambiri kuposa mulingo, impression (chikombole cha manocho) imatuluka yofooka n'kumang'ambika pakati pa mano. Mukaichotsa mkamwa, tsukani, thirani mankhwala ndipo stone (pulasitala woumbira chifaniziro cha mano) athiridwe msanga, chifukwa ikangokhala pa tebulo imauma n'kufota, mano oikirira akabwera osakwana mlandu uzipita kwa a lab opanga manowo pomwe vuto linayambira kwanu. Glass ionomer (simenti yomatira mano) nayenso amathamanga kukatentha, ndipo botolo la bonding (guluu womatira filling ku dzino) litsekedwe mukangodontheza chifukwa acetone kapena ethanol wa mkatimo amauluka. Mankhwala ochititsa dzanzi okhala ndi epinephrine ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 25 komanso pamdima, ndiye kabati ya pafupi ndi windo kapena pafupi ndi autoclave si malo ake, ndipo cartridge (kabotolo ka mankhwalawo) yosintha mtundu itayidwe. Nthawi zina mukamadabwa kuti bwanji jakisoni sakugwira, muyang'ane kaye komwe bokosilo limakhala.

Kumbali ya anthu, ntchito zazitali monga root canal (kuchotsa mtsempha wa dzino) kapena kuzula kovuta ziikeni m'mawa, masana kukhale zopepuka. Magolovesi akadzaza thukuta asinthidwe ndipo manja aume bwinobwino musanavale ena, apo ayi khungu limasweka, masiki yonyowa nayo ndi yotha ntchito. Ogwira ntchito azipeza mpata womwa madzi kunja kwa chipinda chothandizira odwala. Odwalanso amakomoka kawirikawiri nyengo imeneyi, munthu wabwera padzuwa, sanadye chifukwa dzino likupweteka, mantha a jakisoni pamwamba pake, ndiye mufunseni ngati wadya ndi kumwa musanabaye, ndipo mukaona akutuluka thukuta lozizira n'kunena kuti akumva chizungulire gonekani mpando chagada miyendo ikwere m'mwamba.

Tsono AC yanu ija, mukathana ndi mankhwala a mapaipi ndi a suction ndipo ndalama yatsalako, gulani ndithu, muiike m'chipinda chomwe mumagwiramo ntchito zazitali ndipo kabati ya mankhwala a dzanzi ndi bonding isamukire momwemo. Musanagule ikani kaye thermometer mu kabatiyo muziiwerenga masana kwa sabata imodzi, ikamapitirira 25 mankhwalawo asamutsidwe osadikira AC.