Mafunso Anu: Kutentha kwa Dziko, Anamondwe ndi Mvula Yosadalirika

Ndimaphunzitsa Sitandade 7. Ana anandifunsa ngati kutentha kwa masiku ano kukubwera chifukwa cha chibowo chomwe akuti chinabooka kumwamba. Ndiwayankhe kuti chiyani? — Mphunzitsi, Ntcheu

Aphunzitsi, anawo aphatikiza nkhani ziwiri zosiyana, ndipo akuluakulu ambiri amachitanso chimodzimodzi. Nkhani ya chibowo ndi ya mpweya wa ozoni, womwe uli m'mwamba pa mtunda wa makilomita 15 mpaka 35. Ntchito yake ndi kutchinga cheza china cha dzuwa chimene chimawononga khungu ndi maso. M'chaka cha 1985 asayansi a ku Britain anaulula kuti ozoniyu wapyapyala kwambiri pamwamba pa Antarctica, dera lozizira la kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, chifukwa cha mankhwala a CFC omwe ankaikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal loti mankhwalawa athetsedwe, ndipo ozoni akubwerera pang'onopang'ono. Chibowocho sichimene chikutenthetsa dziko.

Kutentha kukuchokera kwina. Pa magawo 100 aliwonse a mpweya wotizungulira, 78 ndi nayitirojeni, 21 ndi okosijeni, ndipo gawo lotsalalo muli mipweya ina ing'onoing'ono. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweyawu n'kufika pansi, nthaka ndi madzi n'kutentha. Kenako nthakayo imabweza kutenthako m'mwamba. Nayitirojeni ndi okosijeni sizikugwira, koma nthunzi ya madzi, kaboni dayokisaidi, methane ndi nayitirasi okusaidi zimakugwira n'kubwezanso kwina pansi, monga momwe bulangeti limasungira kutentha kwa thupi la munthu. Pakanapanda mipweya imeneyi, dziko likanazizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro, m'malo mwa madigiri pafupifupi 15 omwe lili nawo tikaphatikiza madera onse.

Vuto ndi lakuti mipweyayi yachuluka. Mafakitale asanayambe, m'zaka za m'ma 1700, kaboni dayokisaidi anali magawo 280 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Pamene wasayansi Charles Keeling ankayamba kuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anapeza pafupifupi 315. Lero adutsa 420. Wochuluka akuchokera ku malasha, mafuta ndi gasi zimene zimakumbidwa pansi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweyawu, ya dizilo pafupifupi 2.7. Ana akhoza kudabwa kuti mpweya ungalemere bwanji kuposa mafuta omwe apsa. Auzeni kuti kaboni wa m'mafutamo amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, choncho kilogalamu imodzi ya kaboni imabala makilogalamu 3.67 a kaboni dayokisaidi. Methane amachokera m'mimba mwa ng'ombe, m'minda ya mpunga yodikha madzi, kudzala ndi m'migodi. Iyeyu sakhalitsa, amatha pakapita zaka pafupifupi 12, koma m'zaka 20 zoyamba amasunga kutentha kuwirikiza ka 80 poyerekeza ndi kaboni dayokisaidi wolemera mofanana.

Chaka chino mu Juni tinazizidwa koopsa kuno. Ndiye kutentha mukunenako kuli kuti? — Wowerenga, Dedza

Chisanu cha mwezi umodzi pamalo amodzi sichitiuza za dziko lonse. Dedza ndi malo okwera, ndipo mwera ndi chiperoni zizibwerabe chaka ndi chaka. Akatswiri amaphatikiza zoyeza za pamtunda ndi panyanja padziko lonse, n'kuziyerekeza kwa zaka 30 kapena kuposa. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linati 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse chiyambireni kulemba, ndi madigiri pafupifupi 1.55 pamwamba pa momwe zinalili pakati pa 1850 ndi 1900. Malire omwe mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse kusadutsa ndi 1.5.

Nyumba yathu inagwa ndi Namondwe Freddy. Ena akuti ndife olakwa chifukwa tinatha mitengo m'phiri, ena akuti ndi mayiko olemera. Zoona ndi ziti? — Mayi wa ana anayi, Blantyre

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Mbali zonse ziwiri zili ndi choona, koma zikunena zinthu zosiyana.

Namondwe sabadwira m'phiri. Amabadwira panyanja yamchere pamene madzi apamwamba atentha kufika madigiri 26 kapena 27. Nthunzi imakwera, ikamasanduka mitambo imatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumakoka mpweya wina wachinyezi. Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anagunda Madagascar, n'kulowa ku Mozambique kawiri. Ulendo wachiwiri analowera cha ku Quelimane mu Malichi, n'kudzakhuthula mvula kuchigawo cha kummwera kwa dziko lino. Anakhala ndi mphamvu masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. M'Malawi muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa.

Kutentha kwa dziko kumalowa apa: mpweya ukatentha ndi digiri imodzi, umanyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100. Ndiye namondwe yemwe akanabwerabe amabwera ndi mvula yambiri. Akatswiri a zanyengo a gulu la World Weather Attribution atafufuza Namondwe Ana ndi anzake a mu 2022, anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula yawo. Namondwe Ana ndi uja anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Pa mpweya umene ukutenthetsa dziko, Africa yense amatulutsa magawo osafika 4 pa 100. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 a kaboni dayokisaidi pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pamene wa ku United States amatulutsa makilogalamu oposa 13,000. Pamenepa musadziimbe mlandu.

Koma zomwe mvulayo imachita ikagwa zimadalira phirilo. Mizu imamanga nthaka, masamba ogwa pansi amachedwetsa madzi kuti alowe m'nthaka. Phiri lopanda mitengo, lomwe anthu asema m'mbali mwake kuti amange nyumba, likamwa madzi kwa masiku atatu limalemera n'kutsetsereka, monga zinachitikira ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Tinenenso kuti mvula ikafika muyeso wa Freddy, ngakhale malo a mitengo amatha kugumuka. Choncho mukamamanganso pewani m'khwawa ndi kukamwa kwake, ngakhale khwawalo litakhala louma kwa zaka zambiri. Zizindikiro zoti muthawe ndi izi: ming'alu yatsopano panthaka kumtunda kwa nyumba, mitengo kapena mapolo kupendekeka, zitseko kuyamba kukanika kutsekeka, mtsinje kuda matope mwadzidzidzi, kapena kuphwa pamene mvula ikugwabe. Chomalizachi n'choopsa kwambiri, chifukwa chimasonyeza kuti china chatseka madzi kumtunda. Pothawa pitani cham'mbali, osati kutsetsereka motsata khwawalo.

Kodi El Niño ndi kusintha kwa nyengo n'chimodzimodzi? — Wophunzira, Chipata

Ayi. El Niño ndi wakalekale. Amachitika pakapita zaka 2 mpaka 7, pamene mphepo za panyanja ya Pacific zafooka ndipo madzi ofunda asefukira chakummawa, kufupi ndi Peru. Zimenezi zimasuntha malo omwe mitambo imasonkhana, ndipo kummwera kwa Africa mvula imachepa, makamaka pakati pa Januwale ndi Malichi. Kumpoto kwa Malawi nthawi zina imachuluka. Amatha pakapita miyezi 9 mpaka 12. Kusintha kwa nyengo kumangomuwonjezera ukali, chifukwa ng'amba ya masabata atatu imaumitsa nthaka msanga kukakhala kotentha kwambiri. Tinaziona mu 2024: Zambia inalengeza za tsoka la chilala mu Febuluwale, madzi anatsika kwambiri ku damu la Kariba magetsi n'kumazima, ndipo mu Malichi Malawi inalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28.

Zaka ziwiri zotsatizana ndabzala ndi mvula yoyamba, mbewu n'kupserera. Ndidziwe bwanji kuti mvula yobzalira yakwana? — Mlimi, Balaka

Bambo, tsiku la pakalendala lisakutsogolereninso. Yezani madzi ndi nthaka.

Pezani chitini chowongoka, chomwe kukamwa ndi pansi pake n'zofanana kukula. Chikhazikeni mosapendekeka pachipika, pabwalo, patali ndi nyumba kapena mtengo kuwirikiza kawiri kutalika kwake. M'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi viikani rula, lembani mamilimita, tayani madziwo. Rula yambiri ili ndi kampata ziro asanayambe, ndiye kaduleni kapena muzikawerengera. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Bzalani mukapeza mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, ndipo mukakumba mupeze chinyezi chalowa pafupifupi masentimita 30. Chizimalupsa cha mu Okutobala chimanyowetsa pamwamba pokha: njere imamera, muzu n'kupeza dothi louma, mmera n'kufa. Mverani ulosi wa masiku asanu kapena khumi wochokera ku nthambi yoona zanyengo. Akanena kuti kukubwera ng'amba yoposa masiku 10, dikirani. Ngati munda ndi waukulu, musabzale wonse tsiku limodzi.

Chachiwiri, madzi agwa m'munda mwanu asatuluke. Mizere italikirane masentimita 75 ndipo ipingase chitsetse. Tsekani makwawa a pakati pa mizere ndi timilambala pa mamita 2 kapena 3 alionse, mosinthanitsa, kuti madzi adikhe. Timilambalato tikhale tofupikirapo kuposa mzere, kuti madzi akadzaza adutse pamwamba pake osaboola mzerewo. Ambiri amalakwa pamenepa, mizere n'kudukaduka mpaka kubadwa chigwembe. Pa dothi la makande kapena kudambo, mvula ikachuluka tsegulani timilambalato, apo ayi chimanga chimachita chikasu chifukwa mizu yasowa mpweya. Mapesi musawotche. Ayaleni pansi kuti nthaka isaume msanga.

Sankhani mbewu yocha msanga, ya masiku 90 mpaka 110. Chimanga chimavutika kwambiri pa nthawi ya ngayaye: kukatentha kuposa madigiri 35 nthaka ili youma, mungu umafa ndipo ndevu zimachedwa kutuluka, mapeto ake chisononkho chimakhala cha njere zapatalipatali. Gawo lina la munda lipatseni mapira, nandolo, khobwe, chinangwa kapena mbatata. Mitengo ya msangu isiyeni, chifukwa imayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero sitchinga mbewu ndipo imawonjezera chonde.

Feteleza wobereketsa wa urea musamuwaze pamwamba pa dothi louma, mphamvu yake imauluka. Bowolani kadzenje masentimita 10 kuchokera paphando, thirani, kwirirani, ndipo muchite izi nthaka ili yonyowa. Musathirenso m'munda modikha madzi, chifukwa mmenemo nayitirojeni amakokoloka, wina n'kusanduka mpweya wa nayitirasi okusaidi, ndalama zanu n'kupita pachabe. Ng'amba ikakupezani nthawi yothira itakwana, sungani thumbalo pouma, lomanga bwino, mpaka mvula itabwerera.