Ndingakachite kuti kafukufuku wa nanotechnology?

FUNSO: Akonzi, ndinamaliza digiri yoyamba ya chemistry, ndipo mtima wanga uli pa kafukufuku wa nanotechnology, photonics kapena biosensing. Kodi mwayi ulipo kwa munthu ngati ine, nanga ndalama zake zimachokera kuti? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Mwayi ulipo ndithu, ndipo digiri muli nayoyo ndi maziko abwino, chifukwa nthambi zitatuzi zimakumana pa chemistry, physics ndi biology. Nanotechnology ndi luso lopanga zinthu zing'onozing'ono kwambiri, photonics ndi luso logwiritsa ntchito kuwala, ndipo biosensing ndi luso lozindikira zinthu monga matenda pogwiritsa ntchito tizipangizo toyezera. Taganizirani kachipangizo koyezera malungo ka m'zipatala zathu. Kamzere kofiira kamene kamaoneka akadonthezapo magazi ndi tizidutswa ta golide toyezedwa m'mananomita, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Tizidutswati timamatidwa ku ma antibody (asilikali a m'thupi) amene amagwira puloteni yochokera ku tizirombo ta malungo. Ameneyo ndiye biosensor, ndipo kukonza zoterezi kuti zikhale zotchipa ndi zosalephera pa kutentha ndi ntchito imene tikuifuna kwambiri kuno.

Pafupi ndi ife pali dziko la South Africa. Mayunivesite a Western Cape, Johannesburg, Free State ndi Nelson Mandela amaphunzitsa mogwirizana Masters ya nanoscience. Ku Western Cape komweko kuli SensorLab ya Pulofesa Emmanuel Iwuoha, pomwe ku Rhodes Pulofesa Tebello Nyokong ndi wodziwika pa kafukufuku wolimbana ndi khansa pogwiritsa ntchito mankhwala odzutsidwa ndi kuwala. Wofuna photonics ayang'ane ku Wits, Stellenbosch ndi Photonics Centre (kale National Laser Centre) ya CSIR, bungwe la boma la kafukufuku, ku Pretoria. Dziwani kuti satifiketi yanu iyenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe lounika masatifiketi m'dzikolo, mwina adzakuuzani kuti muyambe mwachita Honours (digiri ya pakati pa yoyamba ndi Masters), komanso thandizo la NRF, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku, limapita kwambiri kwa nzika za dzikolo.

Ku Ulaya, maphunziro a Europhotonics ndi EMM-Nano akhala ali pansi pa Erasmus Mundus, ndondomeko ya European Union imene imalipira fizi ndi ndalama zokhalira. Palinso thandizo la ndalama la DAAD ya ku Germany, la Commonwealth, ndi la OWSD, bungwe la amayi asayansi, kwa amayi ofuna PhD.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kutumiza kalata imodzi yomweyo kwa mapulofesa makumi. Sankhani awiri kapena atatu, werengani zimene asindikiza posachedwa, kenako alembereni mwachidule vuto limene mukufuna kulifufuza ndi zida za mu labotale zimene munazigwirapo ndi manja anu. Yambani kudakali chaka chathunthu, poti zikalata za ku yunivesite ndi mayeso a Chingerezi a IELTS zimatenga nthawi.