Kumudzi si kumanda kokha

Mdzukulu wanga wina wogulitsa m'sitolo ku Limbe wandilembera kalata yowawa. Mayi ake anatisiya mu Juni kumudzi kwawo cha ku Lirangwe. Alongo ake awiri a ku Ndirande pamodzi ndi wachitatu wa ku Johannesburg anagula bokosi lonyezimira, anabwereka tenti ndi mipando, anazinga mbuzi zonse zitatu za pakhomo, ndipo chimanga chimene malemu anakolola chinathera pa siwa. Lero pakhomopo patsala bambo okalamba ndi ana awiri a sukulu, akudya chogula pa chigoba. Amalume nawo ayamba kunong'ona kuti bambowo asudzulidwe azipita kwawo. Ndiye akufunsa kuti, "Agogo, ndikanena kuti maliro aja anasaukitsa pakhomo, kodi ndanyoza mayi anga?"

Sunanyoze, mdzukulu wanga, ndipo pepa ndi zovutazi. Koma usanakalankhule ndi alongo ako, khala pansi ndikuuze mmene maliro ankayendera, chifukwa ambiri a inu mumayesa kuwononga kumeneku ndiye mwambo wa makolo, chonsecho n'kwa dzulodzuloli.

Munthu akatsirizika, uthenga unkayamba wafika kwa mfumu, kwa ankhoswe ndi kwa eni mbumba. Mfumu ikalengeza, khomo lililonse linkadziwa mbali yake popanda woliuza. Amayi ankabwera ndi mbale ya ufa, ena kamtolo ka nkhuni, atsikana ankatunga madzi, adzukulu ankalawirira kumanda ndi makasu. Anamfedwa sankakoleza moto. Ndiwo zinali nyemba, khobwe kapena masamba, mwina kankhuku kamodzi ka okumba manda. Makolo ponena kuti maliro n'kulirana ankanena ntchito imeneyi, kuti mudzi wonse usenze ndipo nkhokwe ya ofedwa itsale chiimire. Lero zatembenuka. Ofedwa ndiwo akudyetsa mudzi, anthu pobwerera n'kumakambirana za nyama ngati akuchokera ku ukwati.

Taona mwezi umene mayi ako anapita. Kuno timakolola mu Epulo ndi Meyi, ndipo chimanga chimenecho chimayenera kutifikitsa mu Malichi pamene ana amayamba kuotcha chachiwisi. Minda yathu njaing'ono, nthaka inatopa, mvula ya cha ku Lirangwe ndi Mdeka njosadalirika. Matumba amene anapsa pa siwa mu Juni ndi omwewo akanaphikidwa mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene chimanga chimakwera mtengo pa msika wa Lunzu, ana n'kumajomba ku sukulu kukapalira m'minda ya eni, munda wa kwawo uli thengo. Mbuzi zija mayi ako anali ataziwerengera kale: ina ya feteleza, ina ya ana a sukulu, ina ya tsiku la matenda. Mayi anga anaona njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera lathu lino, amuna ambiri n'kuthawa kusiya akazi ndi ana, ndipo mpaka kufa kwawo sankalola nkhokwe kupasulidwa chifukwa chofuna kutamandidwa ndi alendo. Ife tinaona ya 2002, anthu akudya gaga.

Alongo akowo usawaone ngati anthu oipa. Munthu amene watha zaka osaponda kwawo amafika pa maliro ndi chisoni komanso manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo amasankha bokosi. Amafuna anthu azinena kuti malemu anabala ana. Komabe ine ndinena poyera kuti ndalama imene inagula nkhata ndi kubwereka tenti ikanafika mayi akadali pa mphasa, ikanawakweza galimoto kupita ku Mlambe kapena ku Queens nthawi idakalipo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, tinaona mabokosi wamba atandandalikidwa pamodzi, ena a ana, ena a banja limodzi. Amene anasiya kukumba matope n'kudzaperekeza abale awo tsiku limenelo analibe nyama yopatsa munthu, koma palibe angaimirire lero n'kunena kuti sanalire mokwanira.

Zomwe zinapita zinapita. Zatsala ndi ziwiri zimene ungathe kuzigwira. Funsa buku la chipepeso. Pa maliro aliwonse pamakhala munthu wolemba amene wapereka ndi kuchuluka kwake, kaya ndi a mpingo, amayi a Mvano, a mphakati, a kumzikiti kapena anzawo a banki m'khonde. Bukulo liwerengedwe pamaso pa abale onse, ndipo chotsala chikagule chimanga cha bambo ndi ana, chisalowe m'thumba la munthu wobwerera ku tauni. Chachiwiri, nkhani ya chiliza iyambe yaima. Ndikudziwa kuti alongo ako ayamba kale kufunsa mtengo wa simenti. Manda sathawa. Akamange mutakolola, pakhomo pali chakudya, ndipo wina asayerekeze kukatenga katapila chifukwa cha chiliza.

Tsopano za bambo ako, pamene mtima wanga wawawa kwambiri. Kwathu kuno, kaya ndi kwa Amang'anja, Ayao kapena Alomwe, ukwati wambiri ngwa chikamwini. Mwamuna amakamanga kwa mkazi, munda ngwa mbumba ya kuchikazi, ana amawerengedwa kwa mayi awo, ndipo amalume ndiwo eni mbumba. Zimenezi n'zoona, palibe akukana. Koma kusudzula si kupirikitsa. Akatha kumeta, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pansi n'kumuuza wofedwayo kuti wamasulidwa, ngati akufuna kukwatiranso palibe mlandu. Mkamwini wachinyamata wopanda ana ndiye ankatsanzika n'kubwerera kwawo. Koma nkhalamba imene yalima pamudzipo mpaka msana kupindika, yakumba nawo manda a apongozi, yalera ana, akuluakulu anzeru ankaiuza kuti, "Khalani, muziyang'anira anawa." Apite kuti munthu wotere? Kwawoko alongo ake anamwalira, minda anagawana ana a alongowo, ndipo ana a m'mudzimo sakumudziwa n'komwe.

Amalume ako uwalankhule mwaulemu, utagwada, osati pa foni. Uwakumbutse kuti umwini wa mbumba ndi katundu wosenza. Mwini mbumba ndi amene amayamba kusowa tulo mwana wa mlongo wake akadwala kapena akabwezedwa ku sukulu. Ngati akufuna bambo achoke, anene kaye amene adzalimire ana awiriwa, amene adzafolere nyumba mvula isanagwe, amene adzagone nawo usiku malungo akabwera. Kawirikawiri ukafunsa chonchi, nkhani imazilala yokha, chifukwa chimene chimawakopa ena ndi malata, njinga ndi wailesi, osati ana.

Akaumirira, dziwa kuti boma linakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011. Lamulo limeneli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, limati katundu wa m'nyumba atsale ndi wofedwayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Koma usathamangire kupolisi tsiku loyamba, chifukwa anawo adzakulabe pakati pa anthu omwewo. Yamba ndi ankhoswe, zikakanika kwa nyakwawa, kenaka kwa gulupu mpaka kwa mfumu yaikulu. Ofesi ya DC ndi khoti zilipo ngati onsewa alephera.

Iwenso ndikudzudzule pang'ono, poti wandifunsa. Kalata yako yonse ikunena za tsiku la maliro. Nanga masiku enawo unali kuti? Kuchokera ku Limbe kufika ku Lirangwe ndi ulendo wa minibasi, munthu amanyamuka m'mawa n'kukadya nsima ya masana kumudzi. Kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money n'kwabwino, usasiye. Koma foni siikuuza kuti mjigo unawonongeka ana akutunga kudambo, kuti mng'ono wako wasiya kupita ku sukulu chifukwa yunifolomu inang'ambika, kapena kuti bambo ayamba kugona ndi njala pofuna kusiyira ana. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere kuyambira 1994, koma makope, sopo ndi phala la m'mawa palibe amene anazichotsa mtengo. Bambo ako ukawaimbira adzati, "Tili bwino, kaya inu kumeneko." Amuna a msinkhu umenewo amatero ngakhale m'nyumba mukudontha.

Ndipo mukamabwera ndi maliro okha mumadzimana zambiri. Ana a m'tauni akuyamba kuganiza kuti kumudzi ndi kolirira basi. Bwera mvula yoyamba ikagwa udzaone ana akuthamangitsana ndi ngumbi, fungo la dothi lili gu! Bwera mango akapsa, pamene ngakhale wosauka amakhuta. Bwera mu Malichi udzadye maungu ndi nkhwani wotendera, kapena mu Julayi udzakhale pa mkeka ndi azakhali ako mukusenda nandolo, nkhani za m'mudzi zikutuluka imodziimodzi, za amene wafunsira mbeta, za amene wabwerako ku ukwati. Pa mkeka pomwepo m'pamene mtsikana amaphunzira chibale chake, kuti uje ndi ndani kwa iye ndipo n'chifukwa chiyani sangakwatirane ndi mwana wa uje. Madzulo ana akati "tilitonse" poyankha nthano, udzamva mawu a mayi ako m'kamwa mwa ang'ono ako. Chaka chino bwera pobzala, ubwere ndi mbewu ndi kathumba ka feteleza ngati ungathe, ndipo alongo ako uwauze kuti aliyense asankhe mwezi wake wogulira thumba la chimanga la makilogalamu 50 mpaka kukolola.

Kalata ina ndi yosangalatsa. Mnyamata woyendetsa kabaza cha ku Chileka akuti mkazi wake wachira, mwana woyamba, wamkazi. Koma wakwiya chifukwa apongozi akuti mayi ndi khanda akhale m'chikuta mpaka mchombo utagwa, anzake asalowe kudzaona, pamene iye akufuna kujambula zithunzi za pa Facebook, ndipo dzina anasankha kale.

Mwapulumuka, amuna anga, tikuthokoza Mulungu! Koma apa apongozi anu akhoza. Chikuta chimapatsa mayi nthawi yopuma, thupi libwerere, mkaka utuluke bwino, ndipo chimatchinga chigulu cha anthu obwera ndi chifuwa ndi chimfine kudzapsompsona khanda la masiku awiri. Anzanu a pa siteji adikire, sabata imodzi si chaka. Ntchito yanu masiku amenewa ndi kuwaza nkhuni, kudzaza madzi m'zidebe, kugula sopo ndi zitenje, ndi kupha nkhuku kuti mayiyo amwe msuzi. Pamene muyenera kulimba mtima ndi pa mchombo ndi pakamwa pa mwana. Wina asapake phulusa, ndowe, mafuta kapena madzi a zitsamba pa mchombo. Tsatirani zomwe anamwino ananena. Ife tinaika makanda ambiri m'manda chifukwa cha kafumbata, tisanadziwe kuti amalowera pomwepo. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, osamupatsa madzi kapena phala ngakhale agogo anene kuti akulira njala. Thupi likatentha, akakana kuyamwa kapena mchombo ukafiira, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo, chikuta chisakuletseni. Sikelo ndi katemera musaphonye, ndipo chiphaso cha kubadwa mulondole msanga.

Za dzina, musachite liuma. M'mabanja ambiri mwana woyamba amatchedwa ndi a kuchimuna, wachiwiri a kuchikazi, ndipo wotcha dzinayo amaponya kangachepe m'manja mwa khanda. Kumeneko n'kumangirira munthu wamkulu kwa mwanayo; tsiku lina adzamugulira kope chifukwa choti dzina anapereka ndi iye. Pitani mukafunse makolo anu. Lanu lija likhale lachiwiri, mwana salemedwa ndi maina awiri.

Pomaliza ndiyankhe mdzukulu wa ku Bangwe amene akuti agogo ake anamupatsa kambuzi kakakazi ali mwana, lero zaswana zakwana zisanu ndi imodzi, ndiye akufuna kukazitenga zonse akagulitse, koma asuweni ake akukana. Iwe, mbuzizo unazimangirirapo kangati nthawi ya dzinja? Zitadya chimanga cha eni, analipira ndani kwa mfumu? Khola litagwa anamanga ndani? Mbuzi yaikaziyo ndi yako, palibe akulanda. Koma pa ana ake woweta ali ndi gawo, ndi mmene timachitira kuyambira kale. Tenga make ndi ana awiri, atatu otsalawo usiyire asuweni ako, ndipo popita kukatenga unyamule shuga ndi mchere.