Yankho kwa mayi amene akufunsa za tsogolo la mwana wawo pa ntchito yophunzitsa mpira wa m'makoleji ku America

Mayi, mwafotokoza kuti mwana wanu akumaliza digiri yake ku America, komwe wakhalanso akusewera mpira wa kumeneko uja wovala zisoti, ndipo yunivesite ina yamuitana kuti akakhale graduate assistant pa timu yake, koma malipiro ake ndi ochepa kwambiri moti mtima wanu suli m'malo ngati ntchitoyi ili ndi tsogolo. Yankho langa ndi lakuti tsogolo lilipo ndithu, kungoti silichokera pa dzina la udindo kapena pa ndalama zimene munthu wayambira. Limachokera kwa mphunzitsi amene mwanayo adzagwire ntchito pansi pake, komanso pa zimene adzaloledwe kugwira ndi manja ake m'zaka zoyambirirazo.

Masewera a m'mayunivesite ambiri kumeneko amayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, ndipo matimu ali m'magawo. Gawo lapamwamba ndi FBS, lomwe lili ndi matimu oposa 130, kenako FCS, Division II ndi Division III. Pa timu iliyonse pali mphunzitsi wamkulu, pansi pake pali ma coordinator awiri, wina woyang'anira osewera ofuna zigoli, wina woyang'anira otchinga, ndipo pansi pa amenewa pali aphunzitsi amene aliyense amasamalira kagulu kamodzi ka osewera, monga ma quarterback (oponya mpira), olandira mpira kapena amphamvu aja oima pamzere wakutsogolo. Mu 2018 chiwerengero cha othandizira oterewa pa timu ya FBS chidakwezedwa kuchoka pa 9 kufika pa 10. Graduate assistant ali pansi pa onsewa. Amakhala akuphunzira digiri yachiwiri, yunivesite imamulipirira fizi ndi kumupatsa kangachepe, ndipo udindowu ndi wa zaka ziwiri kapena zitatu basi.

Ntchito yake yeniyeni ambiri saiona pa kanema. Masewera akatha Loweruka, ena akupita kokapuma, iye amakhala pa kompyuta n'kumadula vidiyo ya timu imene adzakumane nayo sabata yotsatira, n'kumalemba pa kachigawo kalikonse kuti osewera adaima motani, padatsala mtunda wotani kuti apeze mwayi wina wopitiriza, ndipo mpira udapita kwa yani. Akatero amajambula pa makadi kaseweredwe ka adaniwo, ndipo pa nthawi yokonzekera amaima pabwalo atanyamula khadi m'mwamba kuti anyamata a timu yoyeserera aone pamene aliyense ayenera kuthamangira, kuti osewera oyamba azolowere zimene adzakumane nazo. Amalondolanso ngati osewera alowa m'kalasi, ndiponso amakatenga alendo ku bwalo la ndege. Ntchito ya vidiyoyi ndi yotopetsa, koma ineyo ndimaiona ngati sukulu yeniyeni ya ntchitoyi, chifukwa munthu amene wadula masewera ambirimbiri chotere amayamba kudziwiratu chimene timu ichite asanaponye n'komwe mpira, ndipo luso limeneli ndi limene akuluakulu amafuna akamasankha womukweza. Kuyambira mu 2024 NCAA idachotsa malire a chiwerengero cha anthu ololedwa kulangiza osewera pabwalo, choncho ngakhale ma analyst, anthu osanthula kaseweredwe amene kale ankangokhala mu ofesi, tsopano akhoza kuphunzitsa, zomwe zatsegula makomo ena kwa oyamba kumene.

Kuti muone chifukwa chimene ndikunenera kuti dzina la udindo lisakusocheretseni, taganizirani za Kirby Smart. Mu 2001 anali kale coordinator wa otchinga ku Valdosta State, timu ya Division II, koma mu 2002 adasiya udindo umenewo n'kukakhala graduate assistant ku Florida State, kumene mphunzitsi wamkulu anali Bobby Bowden. Kwa munthu woonera patali kumeneku kunali kubwerera m'mbuyo. Koma mu 2004 mphunzitsi wamkulu Nick Saban adamutenga ku yunivesite ya Louisiana State (LSU), adadzagwiranso naye ku Miami Dolphins, timu ya osewera olipidwa, mu 2006, kenako ku Alabama kuyambira 2007 mpaka 2015, ndipo Smart atakhala mphunzitsi wamkulu wa Georgia adatenga chikho cha dziko lonse mu sizoni ya 2021 ndi ya 2022. Dan Lanning nayenso ankaphunzitsa pa sukulu ya sekondale kufupi ndi Kansas City pamene adayendetsa galimoto usiku wonse mpaka ku Pittsburgh kukapempha yekha ntchito kwa mphunzitsi wamkulu wa kumeneko, Todd Graham, mu 2011. Lanning adadzafika pokhala mphunzitsi wa kagulu kake ku Sam Houston State mu 2014, koma chaka chotsatira adavomera kukhalanso graduate assistant ku Alabama, kumene adagwira ntchito limodzi ndi Smart. Smart yemweyo ndiye adamuitana ku Georgia mu 2018, ndipo kumapeto kwa 2021 Lanning adapatsidwa timu ya Oregon. Pa ntchitoyi anthu salembedwa kawirikawiri chifukwa cha kalata yofunsira ntchito. Mphunzitsi akapeza malo atsopano amaitana anthu amene adawaona akugwira ntchito ndipo amawakhulupirira.

Chinthu chachiwiri chimene chimakweza wothandizira ndi luso lokopa osewera atsopano. Wothandizira aliyense amapatsidwa dera lake, ndipo amayenda m'masukulu a sekondale, amacheza ndi aphunzitsi a kumeneko, amalowa m'nyumba za makolo n'kukhala nawo pabalaza kuwatsimikizira kuti mwana wawo akasamalidwa. Mbali imeneyi yalemera kwambiri posachedwapa. Kuyambira mu 2018 pali transfer portal, njira imene osewera amalengezera kuti akufuna kusamukira ku yunivesite ina, ndipo kuyambira mu Julaye 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo, kotero wothandizira amagwira ntchito yokopa atsopano uku akuyesetsanso kuti amene ali nawo kale asachoke. Ngati mwana wanu ndi womasuka ndi anthu, wodziwa kulemekeza akuluakulu ndi kusunga lonjezo, ali ndi chuma chimene aphunzitsi ena odziwa bwino kaseweredwe alibe. Dabo Swinney sadakhalepo coordinator wa ofuna zigoli kapena wa otchinga asanapatsidwe timu ya Clemson mu 2008. Ankaphunzitsa olandira mpira ndipo ankadziwika ndi luso lokopa osewera.

Koma sindingakubisireni kuwawa kwake, chifukwa ndi kumene kumakhudza banja. Mphunzitsi wamkulu akachotsedwa, nthawi zambiri othandizira ake onse amapita naye, ngakhale amene kagulu kawo kankachita bwino, ndipo zimenezi zimachitika kumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala, anthu ena akukonzekera Khirisimasi. Makontirakiti a othandizira ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. N'chifukwa chake msonkhano wa bungwe la aphunzitsi la AFCA, umene umachitika mu Januwale chaka chilichonse, umadzaza ndi anthu ofuna ntchito. Swinney yemweyo adachotsedwa ku Alabama sizoni ya 2000 itatha pamodzi ndi anzake onse, ndipo adakhala zaka ziwiri akugwira ntchito pa kampani ya malo ndi nyumba za malonda asanabwerere ku mpira mu 2003. Saban, amene adatenga zikho zisanu ndi ziwiri za dziko lonse, adayamba ngati graduate assistant ku Kent State mu 1973, ndipo pakati pa 1977 ndi 1983 adadutsa ku Syracuse, West Virginia, Ohio State, kumene adachotsedwa ntchito, Navy ndi Michigan State. Timu yake yoyamba ngati mphunzitsi wamkulu adaipeza ku Toledo mu 1990, patatha zaka 17. Munthu wolowa ntchitoyi ayenera kudziwiratu kuti adzasamuka kambirimbiri, ndipo mkazi ndi ana ake adzasintha nyumba, sukulu ndi anzawo nthawi iliyonse imene timu yagonja mopitirira.

Maina amene ndatchulawa ndi a anthu amene adafika pamwamba, ndipo kungakhale kukunamizani nditanena kuti ndi mmene zimathera kwa aliyense. Mipando ya aphunzitsi aakulu ndi yochepa, ndipo ambiri amapuma pa ntchito ali othandizira. Zimenezi sizochititsa manyazi. Bud Foster adakhala ku Virginia Tech kuyambira 1987 mpaka 2019 osakhalapo mphunzitsi wamkulu, ndipo mu 2006 adalandira Broyles Award, mphoto imene imaperekedwa kwa wothandizira wopambana onse kuyambira mu 1996. Pa nkhani ya ndalama, kusiyana n'kwakukulu zedi: mu 2018 LSU inkalipira Dave Aranda madola 2.5 miliyoni pachaka ngati coordinator, pamene m'magawo a pansi muli othandizira amene amafunika ntchito ina yapadera kuti akwanitse lendi. Choncho m'zaka zoyambirira banja lisayembekezere thandizo la ndalama kuchokera kwa iye, ndipo ndi bwino kukambirana zimenezi poyera tsopano kusiyana n'kudzakhumudwitsana m'tsogolo.

Asanavomere, mwana wanu afunse kuti adzakhala m'chipinda cha mphunzitsi uti, ngati adzapatsidwe mpata wotsogolera osewera pabwalo kapena adzangotumidwa zinthu, ndiponso kuti amene adagwira udindowu m'mbuyomu ali kuti lero. Afufuzenso ngati mpando wa mphunzitsi wamkuluyo uli wokhazikika. Digiri yachiwiriyo aimalize zivute zitani, chifukwa ndi imene angaphunzitsire kapena kugwirira ntchito ina pa yunivesite chaka chimene mpira wamutaya. Ngati ali ku America pa viza ya ophunzira ya F-1, lamulo limalola maola 20 okha a ntchito pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, pamene ntchito ya graduate assistant wa mpira imadya nthawi yambiri kuposa pamenepo, choncho apite ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja akafotokoze zonse asanasaine, ndipo afunsenso ngati yunivesiteyo ingadzamuthandize kupeza viza yogwirira ntchito maphunziro akadzatha.